Tsiku Limene Ndinapha Atsibweni ndi Batani la Sevu

Nkhani iyi ndimaithawa. Anzanga akangoiyamba pa bawo, ine ndimadzuka n'kunamizira kuti foni yaitana. Koma poti aliyense ku Senga Bay kuno amaikamba mmene akufunira, ena mpaka kuwonjezera kuti ndinakomoka n'kudzinyowetsa, bola ndiikambe ndekha. Ine Fanuwelo ndinapha munthu ndi chala chimodzi, dzuwa likuswa mtengo, ndipo manyazi ake sanandichoke mpaka lero.

Kwathu ndi ku Dowa, kumapiri. Kunyanja kuno ndinabwera kudzakonza intaneti pa loji ina, ndiye ndinakumana ndi Esinati akuyanika usipa pa thandala. Kaganyu kanatha, ine osabwerera. Ndinalowa chikamwini, n'kumanga kanyumba pamudzi pa akazi anga.

Mkamwini wa kunyanja amayenera kudziwa kupalasa bwato, kusoka ukonde, kapena kugwira khasu m'dimba la mpunga. Ine bwato likangogwedezeka, zam'mimba zonse zimabwerera kukamwa. Chimene ndimadziwa ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo kwa alamu anga, munthu wokhala pansi pa mango ndi laputopu pamiyendo tsiku lonse ndi mlesi basi. Anandipatsa dzina loti a Wayifayi.

Munthu mmodzi yekha sankandiseka: a Jailosi, atsibweni a mkazi wanga. Iwowa ndiwo mwini mbumba, ndipo ndi amene analera Esinati bambo ake atamwalira. Msodzi wamkulu, wa boti la injini ndi ukonde wake waukulu wa chilimira, wosalankhulalankhula.

"Musiyeni mkamwini wanga," ankatero alamu akayamba zawo. "Inu mukudziwa zimene akuchita pamenepo? Ine sindikudziwa, n'chifukwa chake ndakhala chete."

Chaka chimene zinachitika izi ndinapeza ntchito ku Lilongwe. Ntchito yeniyeni, ya mu ofesi, yokhala ndi mpando wozungulira! Anandiuza kuti ndikayambe mwezi ukatha. Esinati ananeneratu kuti popanda mawu a atsibweni ake sasuntha phazi, ndipo ine popanda Esinati ndi mwana wathu Takondwa sindikanapita. Ndiye ndinatuma ankhoswe kukapempha chitengwa, kuti ndiloledwe kutenga mkazi wanga kuchoka naye pamudzi.

"Ndikupita kaye ku chilumba cha Mbenji," anayankha a Jailosi. "Ndikabwerako tidzakhala pansi. Koma sindikuonapo chovuta."

Mtima wanga unali kale mu basi.

A Jailosi omwewo ndi amene anandipezera ntchito ina ku bungwe la asodzi lothandizana pa maliro. Mamembala ake ali m'magombe ambiri, ndipo kale uthenga wa zovuta unkafika kwina anthu ataika kale. Ndinawapangira sisitimu: tsamba la pa intaneti lokhala ndi mayina a mamembala onse. Tcheyamani akalemba tsiku lomwalira la membala, uthenga umapita wokha m'mafoni a anthu onse. Pasiwedi tinali nayo awiri okha, ine ndi tcheyamaniyo, a Bisalomu. Anthu ankaukhulupirira uthengawo, chifukwa a Bisalomu salengeza maliro asanatsimikize.

Tsono ndikufotokozereni pang'ono za ntchito yanga. Musathawe, sindichedwa.

Poyamba timabokosi tolembamo ta patsambalo tinkalandira chilichonse. Pa tsiku lobadwa la munthu, a Bisalomu ankalemba kuti "chaka chimene nyanja inasefukira". Pa nambala ya foni, "funsani mkazi wake". Ine zimenezi zinkandipweteka mutu. Ndinati ayi, apa pafunika ukatswiri.

Ndinapanga chimene timati modelo. Ndi dongosolo la mkati mwa pulogalamu lonena kuti membala ali ndi izi ndi izi, ndipo chilichonse chili ndi mtundu wake wosasinthika. Dzina ndi mawu. Zaka ndi nambala. Tsiku lobadwa ndi deti, osati mbiri ya nyanja. Kenaka kabokosi kalikonse ka patsamba ndinakamangirira ku malo ake mu modelomo, zija anzanga amati binding. Ukatsegula membala, modelo imadzaza timabokosi yokha. Ukadina batani losungira lija la Sevu, zonse zili m'timabokosi zimabwerera mu modelo mtolo umodzi, ngakhale iwe wangokhudza kamodzi kokha.

Zinali zokongola, ndisaname. A Bisalomu akalemba nthano pa malo a deti, tsamba linkawakanira mofiira, ine n'kumamwetulira ngati ndabereka mapasa.

Koma tsiku lomwalira ndinalipatsa mtundu wa DateTime wouma, deti yosalola kukhala yopanda kanthu. Nanga munthu wamoyo ali ndi tsiku lomwalira? Nditayesa, pulogalamu inadandaula kuti yapeza malo opanda deti. M'malo mokhala pansi n'kuganiza, ndinaitseka pakamwa. Ndinalemba mzere umodzi wonena kuti ukapeza palibe deti, ikapo ya lero. M'mutu mwanga munali madeti osalakwa, ngati tsiku lolowa m'bungwe. Kudandaula kuja kunatha. Ndinadziombera m'manja n'kupita kukadya.

Patapita masiku, mmawa wina kunafika mkulu wa boti lonyamula nsomba kuchokera ku Mbenji.

"Ndinu a Wayifayi?"

"Ndine Fanuwelo."

"Eya, inu nomwe. A Jailosi akuti foni yawo inagwera m'madzi. Apeza ina ndi layini yatsopano, nambala yake ndi iyi. Akuti muikonze m'makina anuwo, angaphonye maliro a anzawo."

Ndinatsegula dzina la a Jailosi. Anali munthu woyamba kumutsegula chikonzereni sisitimu ija. Ndinafufuta nambala yakale n'kulemba yatsopano, mosamala, kuwerenga mobwereza. Kabokosi ka tsiku lomwalira kanali kumunsi kwenikweni kwa tsamba, kumene maso safika ngati sunatsitse. Mmenemo modelo yanga yomvera ija inali itaika kale deti ya tsikulo.

Ndinadina Sevu.

Netiweki inali yovuta mmawa umenewo, ndiye mauthenga anatsala pamzere kudikira. Ine ndinatseka laputopu, n'kukwera minibasi kupita ku Salima boma kukagula sutikesi ya ulendo wa ku Lilongwe, ndikuimba kamluzu.

Uthengawo unandipeza mu shopu, ndikuyesa zipi.

"Bungwe likudziwitsa mamembala onse mwachisoni kuti a Jailosi atisiya lero. Tiyeni tikakhale nawo anamfedwa."

Mawu amenewo ndinawalemba ndine kalekale pokonza sisitimu. Koma uthenga wa imfa ukafika, suganiza za amene anaulemba. Ndinangoti a Bisalomu amva, atsimikiza, alengeza. Ndinakhala pansi pa simenti mu shopu ya eni, sutikesi ili m'manja.

Ndinaimba nambala yatsopano, sikupezeka. Yakale, sikupezeka, nanga inali pansi pa nyanja. A Bisalomu anali ku Nkhotakota kukaona mwana wawo, ndipo foni yawo inali bize nthawi yonse. Amene anawapeza anauzidwa kuti, "Ndi zoona, ndikubwera mawa." Iwo ankaganiza kuti walengeza ndine, poti ndine wa pabanja. Ine ndinkaganiza kuti alengeza ndiwo, poti ndiwo tcheyamani. Aliyense ankakhulupirira mnzake ndi mtima wonse.

Kuwonjezera apo, dzuwa litakwera mwera unauka, wamphamvu, woti palibe boti likanayerekeza kuwoloka.

Mmene ndinkatsika minibasi, masamba anali ataikidwa kale pamsewu. Kulira kwa amayi kunkamveka kuchokera pa siteji. Ndipo nkhani inali itakula. Wina ati boti lagubuduzika ndi mwera. Wina ati mlamu wake anamva kuti chipewa chawo chapezeka chikuyandama. Wina mpaka ankadziwa mawu awo omaliza!

Esinati ndinamupeza ali pansi, chitenje chili fumbi lokhalokha.

"Atsibweni anga ine! Mayo, ndatsala ndi yani ine!"

Atandiona anandigwira malaya. "Bambo a Takondwa, munthu uja amati akabwerako atidalitse tizipita. Munthu uja anagulitsa bwato lake loyamba kuti ine ndipite ku sekondale. Sindinamugulirepo ngakhale bulangete."

Apa ndiye zinandifika pamtima. Ndinakumbukira tsiku lina ndili mkamwini watsopano, a Jailosi atanditenga pa boti kuti andiphunzitse nyanja. Tisanafike n'patali pomwe, ndinasanza mpaka kugona chafufumimba pa maukonde. Iwo anangotembenuza boti. Titafika pagombe, alamu anali atayamba kale kuseka, koma a Jailosi anati, "Tabwerera chifukwa cha ine, mutu ukundiwawa." Mkulu wathunthu kudzinamizira matenda kuti abise manyazi a mwana wa eni ochokera ku Dowa.

Anthuni, ndinalira.

Pamaliro amuna amakhala panja, mitu ili pansi, kumangopukusa. Ine ayi. Ndinalira mokweza mpaka agalu a pamudzi anayankha. Ndinalowa m'nyumba ya siwa mmene munadzaza amayi okhaokha. Kumeneko kunali apongozi anga, mayi ake a Esinati, mlongo wawo wa a Jailosi. Amenewa chikwatireni sindinakhalepo nawo mphasa imodzi, ndikawaona panjira ndimapatuka. Tsiku limenelo ndinawagwera pamapazi n'kuwagwira miyendo yonse iwiri.

"Amayi, atisiya! Amayi, ndani adzandiikira kumbuyo ine!"

Apongozi anasiya kulira kaye ndi kudabwa. Kenaka anandisisita mutu. Amayi ena anayamba kunong'onezana, "Koma mkamwini uyu amawakondadi malemu."

Ntchito zonse za mkamwini ndinazigwira tsiku limenelo. Ndinawaza nkhuni mpaka manja anatuluka matuza. Ndinasenza mabenchi a ku tchalitchi, ndinakhoma tenti, ndinagwira miyendo ya mbuzi ya a Jailosi pamene ankaizinga. Misozi ili mbwembwembwe, mamina osawasamala.

Ndikutula nkhuni kuseri kwa khitchini, ndinamva mawu ena osakhala a chisoni. Alamu anga, adzukulu a mbumba ya a Jailosi, anali atapanikizana ndi ana obereka a mkuluyo.

"Injini yachiwiri anaisiya m'nyumba ija ndi ya mbumba."

"Ya mbumba bwanji? Anagula ndi bambo athu!"

"Bambo anu ndi atsibweni athu. Inu kwanu ndi kwa mayi anu."

Dzuwa lisanalowe ndinaona injini ija ikutuluka m'nyumba pa wilibala, atafunditsa thumba, akuti akukaisunga pabwino. Maukonde atsopano anatulukira pa windo. Ndinangopukusa mutu n'kupitiriza kulira.

Akuluakulu anagwirizana kuti thupi lochokera m'madzi silidikira. Mwera ukangotsika, boti lipite kukalitenga, ndipo lipeze manda ali okonzeka. Ndiye kutacha adzukulu okumba manda analawirira kumasano ndi makasu awo, ine n'kuwasenzera ndowa ya thobwa.

Nditabwerako ndinapeza a Bisalomu afika, avala jekete lakuda. Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Pepani akamwini, pepani kwambiri. Mwalimba mtima kulengeza nokha pa nthawi yowawa chonchi. Kodi munamva kwa ndani?"

"Kwa inu, atcheya."

"Kwa ine bwanji?"

"Uthenga uja. Si munatumiza ndinu?"

"Ine? Ine ndinalandira ngati wina aliyense, ndili pa kabaza ku Nkhotakota!"

Tinayang'anizana. Kwaya inali ikuimba chapansipansi kumbuyo kwathu.

"Akamwini," anatero a Bisalomu pang'onopang'ono, "pasiwedi ija tili nayo angati?"

Ndinathamangira kunyumba, kudumpha miphika ya amayi ophika, n'kutsegula laputopu. Dzina la a Jailosi. Nambala yatsopano ili bwinobwino. Ndinatsitsa tsamba. Tsiku lomwalira: dzulo. Wosintha komaliza: Fanuwelo.

Chimwemwe ndi mantha zinandigwira nthawi imodzi, moti sindinadziwe kuti ndivine kapena ndithawire ku Dowa wapansi.

Ndinatuluka laputopu ili m'manja, n'kukaima pakati pa anthu, mkulu wa mpingo ali mkati mwa ulaliki.

"A Jailosi ali moyo!"

Mkulu wa mpingo anandiyang'ana mwachifundo. "Indedi mwana wanga. Ali moyo kwa Atate."

"Ameni!" anavomera amayi.

"Ayi! Ali ku Mbenji! Sanafe, ndawapha ndine!"

"Mugwireni!" anakuwa wina. "Chisoni chamuzunguza mutu!"

Amuna amphamvu anandigwira uku ndi uku. Wina anandilanda laputopu, wina anandithira madzi kumutu. Ine ndikulimbana nawo, ndikukuwa zokhazo zimene zinali m'mutu mwanga.

"Ndi DateTime! Sindinalole null! Binding yatenga modelo yonse!"

"Wayamba malilime," anatero mayi wina, n'kukweza manja kumwamba.

Ndinafunafuna a Bisalomu kuti andichitire umboni. Atcheya aja anali atazemba kalekale, ataima kuseri kwa nkhokwe akuyang'ana nkhuku mwachidwi.

Amene anandimvera ndi Esinati. Anatuluka m'siwa, maso atatupa, mawu atasasa. Anagwada patsogolo panga.

"Musiyeni. Bambo a Takondwa, ndiyang'aneni. Lankhulani Chichewa. Mukuti chiyani?"

Ndinamuuza. Ndinati ndimasintha nambala ya foni, makina anga anaika okha deti pa malo a imfa chifukwa ndinawaphunzitsa molakwika, ndipo uthenga unapita. Palibe amene waona thupi. Palibe boti lagubuduzika. Zonse zachokera pa chala changa.

Ndinkayembekeza mbama. Bola akanandimenya. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika mwakachetechete.

"Amayi akana kudya kuyambira dzulo," anatero. "Takondwa wandifunsa ngati agogo akumva kuzizira m'madzimo. Inu mukuti ndi makina?"

Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero.

Anthu asanamvetse bwinobwino, kunamveka phokoso kuchokera kugombe. Mwera unali utatsika, ndipo anyamata amene amakankha boti lokatenga thupi anabwera akuthamanga, ena atataya masilipasi.

"Malemu! Malemu akubwera!"

Pamudzi panali chipwirikiti. Kwaya inabalalika. Mkulu wa mpingo, amene mphindi yomweyo amatiuza kuti imfa tisaiope, anapezeka ali kuseri kwa nkhokwe limodzi ndi a Bisalomu.

A Jailosi analowa pabwalo pang'onopang'ono, buluku atapinda m'maondo, chipewa chija chimene chinkayandama chili kumutu. M'manja anali ndi kafoni katsopano. Anaima patsogolo panga, ine ndili chinyowere ngati nkhuku ya pamvula.

"Akamwini, nambala munalemba bwino," anatero. "Mmawa uno ndinakwera pamwala kusaka netiweki, kuti ndiyese layini yanga. Uthenga woyamba kulowa m'foni muno ndi wondiuza kuti ndamwalira."

Palibe anaseka. Apongozi anatuluka m'siwa akudzandira. Anawagwira mlongo wawo dzanja, kuwatsina, kuwagwira kumaso. Kenaka anakhala pansi pomwepo n'kuyambanso kulira, kulira kwina kwapansipansi kumene kunatiliza tonse.

A Jailosi anayamba kuyendera maliro awo. Anaona tenti. Anaona chikopa cha mbuzi yawo chili chokhomedwa padzuwa. Analowa m'nyumba, anakhalamo pang'ono, n'kutuluka.

"Injini yanga ili kuti?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsanso.

"Maukonde aja ndinagula mwezi watha?"

Alamu anga anayamba kuwerenga zala za kumapazi. Patapita kanthawi tinamva wilibala ikulira kwii, kwii, kwii, kuchokera kumunsi kwa mudzi, injini ikubwerera pamaso pa anthu onse amene anabwera kudzakhuza. Woikankhayo thukuta lili kamukamu. A Jailosi sanakalipe. Anangoyang'ana ana awo, n'kuyang'ana adzukulu awo, mmodzimmodzi.

"Ngakhale thupi simunalione," anatero. Nkhope yawo inakalamba pomwepo, ine ndikuona.

Kenaka anati akufuna kukaona manda. Akuluakulu anayesa kuwaletsa, koma munthu ungamuletse bwanji zake zomwe? Tinawatsatira. Anaima m'mphepete mwa dzenje, navula chipewa.

"Mwakumba pafupi ndi amayi," anatero. "Mwachita bwino. Ndi pomwe ndimafuna."

Anapukuta m'maso ndi chipewacho. Ine ndinalakalaka dzenjelo likanakhala langa.

Mkulu wa adzukulu okumba manda anatsokomola. Anati manda akakumbidwa sakwiriridwa opanda kanthu, angaitane munthu. Pafunika thunthu la nthochi ligonemo. Ndani akalitenge? Maso onse anatembenukira kwa ine.

Ndinakadula nthochi kudimba n'kuisenza ndekha paphewa, mudzi wonse uli m'mbali mwa njira. Thunthu la nthochi limalemera, anthuni, ndipo utomoni wake suchoka pa malaya. Ana ankandiperekeza ndi maso akuimba chapansipansi, "A Wayifayi anyamula maliro!" Tinaika nthochi ija mwaulemu wonse, ine n'kuponya dothi loyamba ngati namfedwa wamkulu.

Madzulo ake banja linakhala pansi pa mango uja. Ndinafotokoza zonse, ulendo uno m'Chichewa chomveka. Ndinanenanso kuti ndakonza kale: tsopano modelo ikulola kuti munthu wamoyo akhale wopanda tsiku lomwalira, ndipo uthenga supita tcheyamani asanafunsidwenso kuti watsimikiza.

Alamu anga, amene manyazi a injini anali akuwatentha, anapeza pothawira.

"Achoke! Mkamwini wolodza ndi kompyuta sitimufuna pano!"

"Lero wapha atsibweni, mawa apha tonse!"

Ndisabise, kamtima kanga kanadumpha. Ndinati eya, apa ndiye chitengwa chatheka chokha. Mkulu uyu ndamuchititsa manyazi, ndamudyetsera mbuzi, ndamukumbitsira manda. Andiuza kuti tenga mkazi wako, uchoke, ndisadzakuonenso. Ndinaweramitsa mutu mwaulemu, koma m'maganizo ndinali nditakhala kale pa mpando wozungulira uja.

A Jailosi anakweza dzanja, onse anakhala chete. Anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Achemwali, ine kunalibe. Tandiuzani. Anandilira ndani?"

Apongozi anakonza mpango wawo. "Esinati analira mpaka mawu anatha."

"Ameneyo ndikudziwa. Mwa amunawa?"

Apongozi anayang'ana ana awo aamuna, anayang'ana ana a mlongo wawo, n'kupumira m'mwamba. Kenaka analoza ine ndi mlomo, osandiyang'ana.

"Awa. Achimwene, chibadwire changa sindinaone mwamuna akulira chotero. Analowa mpaka m'siwa. Anandigwira miyendo."

"Miyendo?"

"Yonse iwiri."

"Nkhuni anawaza ndani?"

"Omwewa. Taonani manja awo."

A Jailosi anatembenukira kwa ine. Maso awo anali ofiira, ndipo mawu awo atatuluka anali ofewa moti ndinachita mantha.

"Akamwini, mwandipha, ndakhululuka. Mwandionetsa zimene anzanga amafa osaziona. Nkhani ya chitengwa ija ndinali nditavomera kale mumtima, ndimati ndikangofika ndikuuzeni kuti nyamukani."

"Zikomo kwambiri, atsibweni," ndinatero, ndikuomba m'manja.

"Musathokoze msanga. Lero ndadziwa kuti pamudzi pano ndili ndi anthu awiri ondilira, inu ndi Esinati. Enawa ndi a wilibala. Ndiye ndikuloleni mupite ku Lilongwe nonse awiri? Tsiku lenilenilo likadzafika ndidzaikidwa ngati nthochi ija, kopanda ndi msozi umodzi womwe?"

"Atsibweni, Lilongwe si kutali, tikangomva tidzakwera..."

"Mudzamva bwanji? Pa uthenga wa makina anu aja? Adzaukhulupiriranso ndani?"

Ndinayang'ana Esinati kuti andithandize. Anali atagwira dzanja la atsibweni ake ndi manja onse awiri, ngati wina akufuna kumulanda. Ndinadziwiratu kuti za mu ofesi zathera pomwepo.

A Jailosi anavala chipewa chawo n'kudzuka.

"Mukhala pompano, akamwini. Ndipo mudzisamale pakhosi. Kulira kumene achemwali akunenaku ine kunandiphonya, ndiye tsiku langa likadzakwana ndikufuna komweko, osachepetsa!"

Mkamwini wofuna chitengwa, modelo yake izilola amoyo kukhala opanda deti, ndipo pamaliro azilira mwaulemu, ali chakumbuyo.